Mafunso ndi mayankho: dalaiva wa disc golf woyenera mkono wanu ndi uti?

Chiyambireni kuponya madisiki pa bwalo la mpira kuno ku Zomba, Loweruka m'mamawa anyamata a mpira asanafike kudzatithamangitsa, funso lomwe ndimafunsidwa kwambiri si loti masewerawa amayenda bwanji ayi. Aliyense amangoti "aise, ndi disiki iti imapita kutali kwambiri, ndikufuna ndiwauze alamu anga aku Joni anditumizire". Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, nde ndangoti ndilembe zonse pamodzi, amene akufuna awerenge asanawavutitse alamu awowo.

Kodi distance driver ndi chani, poti ife dalaiva timadziwa wa minibasi?

Madisiki a masewerawa alipo magulu anayi. Pali putter, yonenepa m'mphepete, yoponyera pafupi ndi dengu, lachitsulo lomwe disiki imayenera kukagweramo pa disc golf. Pali midrange ya mtunda wapakatikati. Kenako fairway driver, ndipo pamapeto ndiye distance driver, amene ifeyo timangomuti dalaiva basi. Mukamugwira mumva kuti ndi wopyapyala, m'mphepete mwake ndi mosongoka ngati khasu latsopano, ndipo mkombero wapansi womwe mumakolekapo zala uja ndi wotakata, cha pa masentimita 2 kapena kupitirira. Kusongokako ndi kumene kumam'thandiza kung'amba mphepo. Kale anthu ankaseweretsa mbale zobulungira m'mphepete ngati zoponyerana kunyanja zija, mpaka mu 1983 pomwe Dave Dunipace wa kampani ya Innova anatulutsa disiki yosongoka m'mphepete yotchedwa Eagle, nde kuyambira pamenepo makampani akhala akupikisana kutakasa mkombero. Bungwe loyendetsa masewerawa la PDGA linachita kuika malire, mkombero usapitirire masentimita 2.6.

Manambala anayi olembedwa pamwamba aja amatanthauza chani?

Tiyeni titenge Destroyer ya Innova, yomwe aliyense amaifuna. Yalembedwa 12, 5, -1, 3.

Yoyambayo ndi speed, kwa a Innova imayambira pa 1 kufika 14. Yachiwiri ndi glide, kuyandama kwake mumphepo, 1 mpaka 7. Yachitatu ndi turn, imayambira pa +1 kutsika mpaka -5, ndipo imakuuzani kuti disiki ikangochoka m'manja ili ndi liwiro, ipatukira kumanja mochuluka bwanji. Nambala ikamatsika kwambiri ku minus, kupatukako kumachulukanso. Yomaliza ndi fade, 0 mpaka 5, kukhotera kumanzere kuja kumene disiki imachita kumapeto mphamvu zikatha. Zonsezi ndikunena za munthu woponya ndi dzanja lamanja, backhand, kuponya koyambira pachifuwa kuja.

Koma musawatenge ngati sikelo ya kuchigayo manambalawa. Kampani iliyonse imalemba payokha, palibe amene amabwera kudzayeza, nde -1 wa kampani iyi si -1 wa kampani inayo, ndipo ngakhale ma Destroyer awiri ogula tsiku limodzi amatha kuuluka mosiyana.

Nde ngati 14 ndiye yothamanga kwambiri, bwanji osangogula 14 yo?

Apa ndi pomwe tonse tinagwera, inenso ndili momwemo. Nambala ya speed sikutanthauza kuti disiki ikupatsani liwiro limenelo. Ikukuuzani liwiro limene iyoyo ikufuna kwa inu kuti iuluke momwe anaipangira. Ili ngati giya yaikulu ya njinga, pa msewu wosalala munthu wamiyendo amathamanga nayo zedi, koma muikeni mwana pa giya yomweyo pa chitunda chokwera ku Ku Chawe muone ngati apalase kawiri.

Ine disiki yanga yoyamba inali Destroyer ya magalamu 175, anandibweretsera msuweni wanga, ndinachita kumuumiriza kuti asagule ina iliyonse poti ndinali nditaonera mavidiyo usiku wonse mpaka bandulo kutha. Tsiku loiyesa ndinaima pa mzere wa golo, anthu akuonerera, ndinathamanga ngati ndikukamenya penate, kuiponya ndi mphamvu zonse mpaka phewa kulira. Inanyamuka bwinobwino, inayenda mwina mamita 40, kenako inangopendekeka ngati mbale ya ndiwo yogwa pa tebulo, thi pansi kumanzere, ndikugubuduka kukalowa mu udzu. Kamwana kena ka sukulu kanali pompo kanabwereka midrange ya mnzanga, Buzzz ya speed 5, osathamanga n'komwe, kanangoiponya kataima ndipo inadutsa pomwe inagwera yangayo. Ndinapita kunyumba ndikunena kuti msuweni anandigulira feki.

Sinali feki. Dalaiva wamkombero wotakata akapanda kulandira liwiro ndi kuzungulira kokwanira, turn ija siioneka n'komwe, amangodumphira ku fade kuchokera pachiyambi. Nde inu mumaona ngati disiki ili ndi vuto lokhotera kumanzere pomwe vuto ndi loti mkono sunafike. Ndipo choipa kwambiri n'choti mumayamba kuzolowera kuipotoza, kupinda dzanja, kuweramira kumbuyo kuti mwina iwongoke, mapeto ake mwaphunzira kaponyedwe kolakwika komwe kadzakutengerani miyezi kuti mukasiye.

Ndidziwa bwanji mulingo wa mkono wanga?

Pitani pa bwalo la mpira, la ku Chanco kapena la pa sukulu yapafupi ndi kwanu, bola mupemphe kaye eni ake ndipo pasakhale anthu kutsogolo, dalaiva akamenya munthu pamphumi amang'amba, si zocheza. Bwalo la mulingo wonse limakhala pafupifupi mamita 100 kapena 105 golo ndi golo, mzere wapakati ndi theka lake. Mabwalo ena am'makwalala ndi aafupi nde ngati muli ndi foni yabwino app ya UDisc ili ndi poyezera mtunda ndi GPS. Ponyani kakhumi ndi disiki yomwe muli nayo, ndipo musawerengere kamodzi kaja mphepo inakuthandizani, werengani pomwe zambiri zikugwera.

Kawerengedwe kachidule komwe oponya ambiri amagwiritsa ntchito ndi koti mamita 10 alionse ndi speed imodzi. Si lamulo, koma sikanama kwambiri. Ngati mukugwera cha pa mzere wapakati kapena kupitirirako pang'ono, mamita 50 mpaka 60, za dalaiva iwalani kaye, khalani pa putter ndi midrange. Mukamafika 70 kapena 80 ndiye nthawi ya fairway ya speed 6 kapena 7. Mukamagwera m'bokosi la golo inayo, cha m'ma 90, yesani speed 9. Speed 11, 12 kupita m'mwamba ndi ya amene akudutsa golo inayo kawirikawiri osachita kupemphera.

Anthu sakonda kumva zimenezi, makamaka ife azibambo. Munthu amakuuza kuti "ine ndimaponya 120" nde mukapita naye pa bwalo mupeza akugwera pomwe amaimirira ma difenda.

Tangotchulani mayina, alamu akudikira pa foni

Chabwino. Ongoyamba kumene: Leopard ya Innova, 6, 5, -2, 1, imeneyi ndi imene ndimauza aliyense ndipo palibe anabwera kudzandidandaulira. Kapena Diamond ya Latitude 64, kampani ya ku Sweden, 8, 6, -3, 1, amaipanga yopepuka dala chifukwa cha oyamba. River ya kampani yomweyo, 7, 7, -1, 1, imayandama mpaka kumadabwa kuti igwa liti.

Mukafuna dalaiva woyamba weniweni, Valkyrie 9, 4, -2, 2, kapena Sidewinder 9, 5, -3, 1, kapenanso Roadrunner 9, 5, -4, 1 ngati mkono ukadali wofewa. Pamwamba pake pali Beast 10, 5, -2, 2. Amene akufika golo ndi golo koma sanafike pa Destroyer, Wraith 11, 5, -1, 3 ndi poyambira pabwino, ndipo ngati mtima ukukakamirabe nambala yaikulu, tengani yokhala ndi turn yambiri ngati Mamba 11, 6, -5, 1 kapena Tern, osati Boss kapena Nuke za speed 13 zija.

Mukaona mndandandawu muona kuti pafupifupi yonse ili ndi -2 kupita pansi ndi fade yochepa. Si mwangozi.

Overstable ndi understable ndiye chani? Nanga ine wamanzere?

Overstable ndi disiki yamakani, imakana kupatukira kumanja ndipo imathera kumanzere mwamphamvu, chitsanzo Firebird 9, 3, 0, 4. Understable ndi yomvera, imapatukira kumanja mosavuta kenako n'kubwerera pang'ono. Kwa mkono wochepa mphamvu understable ndi imene imauluka mowongoka ndi kupita kutali, chifukwa imakhala nthawi yaitali mumlengalenga isanayambe kugwa. Kuponya kotalika kwenikweni kumajambula chilembo cha S m'mwamba, kumanja kaye kenako kumanzere, mukachiona koyamba kuchokera m'manja mwanu simugona.

Amanzere tembenuzani zonse, kwa inu turn ndi kumanzere fade ndi kumanja. Chimodzimodzi woponya forehand ndi dzanja lamanja, kuponya kwa m'mbali ngati ukuponya mwala pamadzi kuja. A forehand ambiri amakonda disiki yolimbirako pang'ono komanso yaphwatalala pamwamba chifukwa kaponyedweko kamagwedeza disiki ikamachoka, nde understable kwambiri imangogudubuzika pansi. Koma nawonso asathamangire Firebird tsiku loyamba, imabisa zolakwa.

Magalamu ali ndi ntchito?

Kwambiri, ndipo ambiri sayang'ana n'komwe. Tembenuzani disiki, pansi pake amalemba kulemera ndi cholembera kapena amadinda. Madalaiva ambiri amathera pa 175 kapena 176, chifukwa lamulo la PDGA limati magalamu 8.3 pa sentimita iliyonse ya kukula kwake, ndipo dalaiva amakhala masentimita 21 ndi kakang'ono. Akatswiri amakonda zolemerazo poti sizitengeka ndi mphepo. Inu ndi ine, 160 mpaka 168 ndi pabwino, ana, amayi ambiri oyamba kumene ndi madala amene mapewa anayamba kudandaula, 150 kapena kutsikirako. Yopepuka imachoka m'manja mwaliwiro ndipo imakhala understable pang'ono kuposa inzake yolemera ya dzina lomwelo. Kuipa kwake ndi tsiku la mphepo, imauluzika ngati jumbo.

A Innova ali ndi pulasitiki ina yotchedwa Blizzard, anaikamo timathovu ta mpweya kuti dalaiva wamkombero wotakata apepuke, mukaiyang'anitsa padzuwa timaoneka.

Nanga pulasitiki? Ndikuona DX, Star, Champion, mitengo yosiyana

Dzina limodzi, chikombole chimodzi, koma pulasitiki yosiyana, kauluke kamasiyananso. DX ndi yotchipa, imagwirika bwino ngakhale manja anyowe, koma imakumbika msanga. Kuno kwathu miyala ndi mbwee, nthaka ya chilimwe ndi konkire yeniyeni, nde DX mwezi umodzi m'mphepete mwachita kale mano. Disiki ikamakalamba choncho imanka nikhala understable, zimene kwa woyamba si zoipa kwenikweni, Valkyrie wa DX womenyekamenyeka ndi wokoma kwabasi, kungoti sakhalitsa pa ukoma umenewo, amapitirira mpaka kumangogudubuzika.

Champion ndi yoonekera ngati switi, yolimba, imatha zaka, koma imakhala overstable kuposa manambala ake ikakhala yatsopano ndipo imaterera mame akagwa. Star ili pakati, ndi imene ine ndingasankhe ngati ndalama ndi ya disiki imodzi yokha. GStar ndi yofewa ndipo imakonda kukhala understable pang'ono. Kwa a Discraft mupeza Z yomwe ikufanana ndi Champion, ndi ESP yofanana ndi Star.

Musasiye disiki pa dashibodi ya galimoto mu Okutobala. Mnzathu wina anasiya yake atapanikiza ndi chikwama, pobwera anapeza yapindika ngati chipapati.

Kumtunda ku phiri disiki yanga imauluka mosiyana ndi mtauni, ndi maganizo anga chabe?

Ayi si maganizo. Tauni ya Zomba ili pafupifupi mamita 900 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pomwe pamwamba pa phiri pali malo opitirira 1,800 ndipo nsonga yake imadutsa 2,000. Kumwambako mpweya ndi wopepuka, disiki simapatuka kwambiri ndipo kuyandama kwake kumachepa, nde imachita ngati overstable. Sidewinder yomwe mtauni imakupatsani S wokongola, kumtunda imangopita mowongoka n'kuthera kumanzere. Nde mukamakwera tengani yomvera kwambiri. Komanso pakati pa mitengo ya paini ija dalaiva alibe ntchito, mumenya mtengo wachitatu n'kukaifuna kuphompho, midrange ndiye mfumu kumeneko. Za kuponya moyandikira damu la Mulunguzi musayese n'komwe, madisiki ambiri samayandama.

Mphepo nayo ili ndi zake. Ikamakuombani kumaso, disiki imamva ngati mwaiponya mwaliwiro kuposa momwe mwaponyera, nde imapatukira kumanja kwambiri, apa ndi pofunika yolimbirako ngati Teebird 7, 5, 0, 2 kapena Thunderbird 9, 5, 0, 2. Ikamachokera kumbuyo ndi zosiyana, disiki imachita makani n'kugwa msanga, tulutsani understable yanu. Miyezi ya mwera, Juni ndi Julaye, mudzaziona nokha pa bwalo lomwelo, kuponya kopita ndi kobwerera ngati madisiki awiri osiyana. Tsiku la chiperoni tengani kansalu kopukutira, zala zikazizira ndi kunyowa disiki imapulumuka nthawi isanakwane.

Ndagula understable monga munanenera koma ikungokwera m'mwamba n'kugwa kumanzere

Imeneyo si disiki, ndi mphuno. Mbali yakutsogolo ya disiki ikachoka m'manja itayang'ana kumwamba, mphepo imaimenya pamimba, imakwera ngati kaiti, liwiro lonse kuthera pompo, kenako kugwa. Madalaiva ndi amene amalanga kwambiri pa cholakwa chimenechi kuposa putter. Gwirani disiki ndi zala zonse zinayi pansi pa mkombero, chala chachikulu pamwamba, kenako weramitsani dzanja ngati mukuthira tiyi m'kapu kuchokera mu ketulo. Ikokeni modutsa pachifuwa pa mulingo umodzi, osati kuchokera m'chiuno kukwera kumwamba. Ndipo siyani kaye kuthamanga, ponyani mutaima mpaka iziuluka yosalala.

Ngati vuto ndi linalo, ikungotembenukira kumanja n'kugudubuzika, yang'anani kaye ngati ikunjenjemera pochoka. Ikamanjenjemera ndiye kuti mukupotoza dzanja pomaliza, kugula overstable kungobisa matendawo. Koma ikamachoka yosalala bwinobwino n'kumapatukabe osabwerera, zikomo kwambiri achimwene, mkono wakula, kwererani sitepe imodzi. Musanakwere yesaninso kuiponya itapendekera pansi mbali yakunja, amati hyzer, understable ikaponyedwa choncho imadzuka yokha n'kuwongoka ndipo imapita kutali modabwitsa.

Koma Paul McBeth amaponya speed 12, ndipo rekodi ya dziko lonse ndi ya Boss

Zoona. Paul McBeth anatenga ukatswiri wa dziko lonse kasanu ndi kamodzi, ndipo mu 2021 anasaina kontilakiti ya zaka 10 ya madola 10 miliyoni ndi Discraft, kuponya ndiye ntchito yake, inu mumaponya Loweruka mukachoka kogula ndiwo. Rekodi ya mtunda ndi mamita 338, anaponya David Wiggins Jr. mu Malichi 2016 ku chipululu cha ku Nevada, ndi Boss inde, koma taonani kulemera kwake, magalamu 154 okha, ndipo kunali chimphepo chadzaoneni chikumukankhira. Ngakhale mwini rekodiyo anasankha yopepuka.

Manja anga ndi aang'ono, zili ndi kanthu?

Eya. Mkombero wa Leopard ndi cha pa masentimita 1.6, wa Destroyer cha pa 2.2, kusiyana kooneka kochepa koma zala zimamva. Ngati nsonga za zala sizikukoleka bwino mkati mwa mkombero, disiki izikupulumukani. Musanaitanitse bwerekani ya mnzanu muigwire kaye.

Ndalama ndi ya disiki imodzi kapena ziwiri basi, ndipange bwanji? Nanga zakale?

Poti zimachita kuchokera kunja ndipo wobweretsayo sabwera mwezi uliwonse, musawononge mwayiwo pa dalaiva yekha. Imodzi, tengani midrange, Buzzz 5, 4, -1, 1 imachita chilichonse. Ziwiri, onjezani Leopard. Zitatu, putter ngati Aviar. Makampani amagulitsanso paketi ya oyamba ya madisiki atatu opepuka, putter, midrange ndi dalaiva wofewa, imatchipa kuposa kugula imodziimodzi, auzeni alamu afunse imeneyo.

Yogwiritsidwa kale ndi yabwino, nthawi zina kuposa yatsopano poti makani anatha. Ingoyang'anani kuti sinang'ambike, ndipo muiike pa tebulo muone ngati yakhala pansi mbali zonse. Mukapeza mbale yoponyerana pa kaunjika, yaikulu yopepuka ija, gulani ya ana kunyumba, koma si disiki ya masewerawa. Yeniyeni imakhala ndi dzina la kampani ndi la disikiyo, zambiri zimalembedwanso kuti PDGA Approved.

Mtundu wake, wofiira kapena wobiriwira, umasintha kanthu?

Pa kauluke musavutike nazo. Pa kuipeza ndiye nkhani. Dalaiva ndi disiki imene imasowa kwambiri chifukwa ndi imene imapita komwe simunaitume. Yobiriwira mu Febuluwale udzu utafika m'chiuno mwaitaya kale, yachikasu kapena yakhaki mu Seputembala chimodzimodzi, yakuda ndiye pamalo otentha moto simuionanso. Pinki ndi buluu wowala ndi amene amaoneka nyengo zonse, ngakhale anzanu akusekeni. Lembani dzina ndi nambala ya foni pansi pake ndi maka, pa mpikisano malamulo amafunanso kuti disiki ikhale ndi chizindikiro cha mwini wake.

Destroyer yanga ija inali yobiriwira. Inasowa m'munda wa chimanga kuseri kwa bwalo chaka chomwecho, ndinafuna mpaka mdima, mwini munda akundiyang'ana ngati ndabwera kudzaba mondokwa. Patapita miyezi itatu atakolola ndinalandira foni kwa mayi ena kuti nambalayi aiona pa mbale imene amamwetsera anapiye awo, nde amafunsa ngati ndikuifunabe kapena apitirize. Ndinakaitenga, ndinawasiyira ya sopo ndi kabakuli kena ka anapiyewo. Ili m'chikwama mpaka pano, ndimaitulutsa pa mphepo ya kumaso yokha, panopa ndikugwera cha m'ma 95.